Funsani a ku Labu: Chigayo n'chabwinobwino, handulo ndiyo ikuterereka

Makalata a mwezi uno achuluka, ndipo ndikuganiza kuti chachititsa n'chisanu cha Juni. Chifunga cha Mzuzu chikakutsekera m'nyumba mpaka 9 koloko, nyumba ya aneba osaoneka, umayamba kumvetsera thupi lako n'kumadzifunsa mafunso. Ndasankhapo asanu. Eni ake sadziwana, koma nditawayala patebulo ndinaona kuti onse akugogoda khomo limodzi.

Ndiyambe ndayankha agogo ena a ku Katawa amene anandiimitsa Lamulungu potuluka m'tchalitchi, n'kundifunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndimalemberanji za majini m'magazini. Agogo, majini a patsamba lino si aja amagwetsa munthu pansi n'kumulankhulitsa chinenero chachilendo. Awa ndi malangizo a chibadwa, olembedwa mu DNA, amene tinalandira kwa bambo ndi mayi. Mawuwo angofanana basi, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa shuga kumsika.

FUNSO: Bambo a ku labu, ndili ndi zaka 27, kwathu ndi ku Chiputula koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Polembedwa ntchito anandiyeza magazi n'kundiuza kuti asilikali ena a m'thupi mwanga, otchedwa ma neutrophil, ndi ochepa. Ndayezetsa HIV kawiri, ndilibe. Sindidwaladwala. Dokotala wachiwiri anati ndine "Duffy null" ndipo ndisade nkhawa. Nditafufuza ndinapeza kuti null amatanthauza kuti palibe. Kodi ndinabadwa ndilibe jini ina? Nanga ana anga adzakhala otani? Mnyamata wa ku Chiputula.

YANKHO: Achimwene, khazikani mtima pansi. Jiniyo muli nayo, yathunthu, yopanda chilema. Dokotala wachiwiriyo ananena zoona, kungoti anali ndi mzere panja.

Ndili mnyamata kwathu ku Dowa, malume anga anali ndi chigayo cha dizilo, chija choliza ndi handulo. Tsiku lina chinakana. Azimayi anali atandanda panja ndi ndowa zawo za mphale, mnyamata wa pachigayo akupukusa handulo thukuta lili kamukamu, koma injini ili zii. Malume anaitanitsa makaniko kuchokera ku Mponela. Bamboyo anamasula apa ndi apo, anayang'ana mafuta, lamba, sefa, zonse zili bwino. Pamapeto pake anapisa chala pamene handulo imakola, n'kuyamba kuseka. Kadzino kamene handulo imagwira kanali katadyeka. Handulo imangozungulira yokha osakoka kanthu. Chigayo chonse chija, cha ndalama zambirimbiri, chinaima masiku atatu chifukwa cha kachitsulo kosaposa chikhadabo.

Ndagwira ntchito m'labu ya magazi zaka zoposa 20 ndipo sindinapeze chitsanzo choposa chimenechi pofotokoza nkhani yanuyi.

DNA yathu ndi mzere wautali wa zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zosanjidwa mosiyanasiyana mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni. Mumzerewu muli majini pafupifupi 20,000 okhala ndi malangizo opangira mapuloteni, ndipo malangizo onsewo pamodzi sakwana n'komwe zilembo 2 pa 100 zilizonse. Selo la m'chiwindi ndi selo la m'diso ali ndi majini ofanana. Nanga bwanji diso silitulutsa ndulu? N'chifukwa choti jini siidziliza yokha. Kutsogolo kwa jini iliyonse kuli kachigawo ka DNA kotchedwa pulomota, ndipo pamenepo ndiye pokolera handulo. Oliza chigayowo ndi mapuloteni otchedwa ma transcription factor. Munthu ali ndi mitundu yawo pafupifupi 1,600, ndipo selo la mtundu uliwonse lili ndi kagulu kakekake. Aliyense amasakasaka kamawu kake kafupi, kawirikawiri ka zilembo 6 mpaka 12. Maso alibe. Amazindikira kamawuko pokakhudza, monga dzanja lanu limapezera chogwirira cha chitseko chanu magetsi atazima. Akakola bwino amaitana puloteni ina yaikulu, RNA polymerase, imene imakopera jiniyo kuti selo lipange zimene zalembedwamo. Akapanda kukola, jini imangokhala duu.

Tsono za Duffy. Magulu a magazi si A, B, AB ndi O okha amene amalembedwa pa khadi la opereka magazi. Alipo ena ambiri, ndipo ili linatulukiridwa ku London mu 1950, n'kupatsidwa dzina la wodwala amene magazi ake anathandiza kulitulukira. Duffy ndi puloteni imene imakhala kunja kwa maselo ofiira a magazi, ndipo jini yake imatchedwa ACKR1. Maselo ofiira akadali anthete m'mafuta a m'mafupa, woliza jini imeneyi ndi puloteni yotchedwa GATA1. Dzina lake ndi kamawu komwe amasakako: G, A, T, A. Mwa inu, ndiponso mwa ambiri a ife amene makolo athu ndi a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, chilembo chimodzi cha mu pulomota, pa malo amene m'mabuku amalembedwa kuti -67, chinasintha kuchoka pa T kukhala C. DNA ili ndi zingwe ziwiri zoyang'anizana, ndiye mukawerenga chingwe chinacho, pamene panayenera kulembedwa GATA palembedwa GGTA. GATA1 akafika amaterereka n'kupitirira. Ofufuza a ku Paris ndi amene anasonyeza zimenezi mu 1995.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti m'maselo ena, monga a m'mphepete mwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, jini yomweyi ikugwirabe ntchito bwinobwino mwa inu. Kumeneko oiliza ndi ena, a mahandulo ena, ndipo pokolera pawo sipanadyeke. Null yanuyo ndi ya maselo ofiira okha.

Kusinthaku kunafala chonchi chifukwa cha malungo. Pali kachilombo ka malungo kotchedwa Plasmodium vivax, kovuta kwambiri ku Asia ndi ku South America, kamene kamagwira puloteni ya Duffy kuti kalowe m'selo lofiira. Louis Miller ndi anzake ku America anasonyeza mu 1976 kuti anthu opanda Duffy sagwidwa wamba ndi kachilomboka. Zaka zonse zimene ndakhala ndikusuzumira pa maikulosikopu, odwala ochokera ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi konse kunyanja, pafupifupi nthawi zonse ndinkaona falciparum, mbale wake woopsa uja, amene alibe nazo ntchito za Duffy. Choncho mukabwera kutchuthi musati ndine null, neti n'kuisiya m'chikwama. Komanso vivax yemweyo wayamba kupezeka mwa anthu opanda Duffy, monga zinaonekera ku Madagascar mu 2010. Udzudzu ndi tizilombo take sizigona.

Za ma neutrophil anuwo: m'zaka za 2008 ndi 2009 ofufuza anapeza kuti chilembo chomwechi n'chimene chimachititsa kuti anthu ambiri akuda akhale ndi ma neutrophil ocheperapo m'magazi oyezedwa, koma matenda osawagwira kuposa anzawo. Malire amene timaweruzira kuti apa pachepa anatengedwa makamaka kwa azungu. Apa ndivomere kulakwa kwanga. Ndili wachinyamata pantchito, ndinazunguliza ndi bolopeni yofiira zotsatira zambiri za anthu athanzi, chifukwa pepala lopachikidwa kukhoma linkati nambalayo ndi yotsika. Ndimakumbukira bambo wina mphunzitsi amene anabwerera katatu kudzayezetsanso, nkhope ili yakugwa, akuganiza kuti tikumubisira kanthu. Analibe vuto lililonse. Vuto linali papepala lija, ndi mwa ine amene ndinalikhulupirira.

Koma mawu awa asakhale chobisalira kwa aliyense. HIV, mankhwala monga zidovudine ndi Bactrim, ndi matenda ena a m'mafupa amatsitsanso ma neutrophil, ndipo kutsika kumeneko n'koopsa. Inu munayezedwa, dokotala n'kuchotsapo zimenezo. Wina amene akudwaladwala, ali ndi zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi kosatha, apite kuchipatala. Ana anu? Mukakwatira mkazi wa kuno kwathu, mwayi waukulu ngwakuti adzakhala ngati inu, ngati agogo anu, ngati anthu ambiri amene mumapanikizana nawo m'minibasi ya ku Luwinga.

FUNSO: Agogo, ndili Fomu 4 ndipo ndimakonda bayoloje. Aphunzitsi anatiuza kuti DNA sioneka ngakhale pa maikulosikopu ya kusukulu kwathu. Ndiye asayansi amadziwa bwanji kuti puloteni yagwira DNA kapena yalephera? Sangongopeka? Mtsikana wa ku Katoto.

YANKHO: Mdzukulu wanga, funso limeneli usadzalisiye, ngakhale utadzakhala pulofesa.

Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito, ndi ya mpikisano wothamanga m'matope. Amatenga tizidutswa tiwiri ta DNA, kena kolembedwa GATA, kena GGTA, n'kutiika chizindikiro choti tizioneka. Amatisakaniza ndi mapuloteni ochokera m'maselo, kenako n'kutithira pamwamba pa chinthu chonga phala lozizira lotchedwa jelo, n'kuyatsa magetsi. DNA imakokedwa ndi magetsiwo n'kumadutsa m'phalamo. Kachidutswa kamene kali kokha kamathamanga n'kukafika kutali. Kamene puloteni yakakwera pamsana kamatsalira m'mbuyo, ngati wakabaza amene wanyamula thumba la chimanga pa chitunda. Pamapeto umaona mizere iwiri pa malo osiyana, ndipo umadziwa kamene kananyamula katundu.

Njira ina ndi yokongola. Ukudziwa ziphaniphani zija zimawala m'dambo la Lunyangwa nthawi ya mvula? Kuwalako kumachokera ku puloteni yotchedwa luciferase. Asayansi amadula pulomota imene akufuna kuiyesa, n'kuilumikiza ku jini ya chiphaniphani, n'kuilowetsa m'maselo olimidwa m'mbale. Pulomota ikakhala yamphamvu maselowo amawala kwambiri, ikakhala yodyeka amangoti phethiphethi, ndipo makina amayeza kuwalako. Masiku ano palinso njira yotchedwa ChIP-seq, yogwira puloteni ili pa DNA pomwepo m'selo lamoyo n'kuwerenga zilembo zimene yakhalira.

Umboni wina umachokera kwa odwala enieni. Pali mtundu wa nthenda ya magazi osagwirana wotchedwa haemophilia B Leyden, umene unafotokozedwa ku Netherlands mu 1970. Mwana wamwamuna amabadwa akutaya magazi kwambiri akavulala, koma akatha msinkhu amayamba kupeza bwino. Chilema chake chili mu pulomota ya jini yopanga puloteni yogwiranitsa magazi. Woiliza wa paubwana sapeza pokola, koma mahomoni a unyamata akabwera, jiniyo imayamba kulira kudzera pokolera pena pamene sipanawonongeke. Jini ikanakhala yophwanyika mkati, kukula sikukanathandiza.

Ndikuchenjezenso chimodzi, poti ndiwe wofunsa. Ukayerekeza DNA ya anthu awiri alionse, zilembo zosiyana zimakwana mamiliyoni angapo, ndipo zochuluka zedi sizisintha kalikonse. Ngakhale mkati mwa kamawu kamene puloteni imasaka, zilembo zina n'zololera, zina ayi. Ndiye ukadzaona wina pa Facebook akutsatsa kuti tumizani malovu tikuuzeni luso la mwana wanu, udzamufunse kuti mizere ya pa jelo ili kuti.

FUNSO: Bambo, ndili ndi ana awiri ndipo onse anawapeza ndi sickle cell. Wamkulu, wamwamuna wa zaka 9, sitimatha miyezi iwiri osagonekedwa, ndipo amuika magazi katatu. Wamng'ono, wamkazi wa zaka 6, amadwala mwa apo ndi apo, amasewera ngati anzake. Kuchimuna akuti mwina mtsikanayu si wa m'banjamo, ena akuti mnyamatayu anamulodza. Ndatopa. Kodi nthenda imodzi ingasiyane chonchi? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Pepani mayi. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo ndinaona pamene bolopeni inaboola pepala.

Inde, ingasiyane chonchi, bambo mmodzi, mayi mmodzi. Ndaziona kangapo poyeza magazi a ana a mimba imodzi.

Mukumbukire mmene ana anuwo analili miyezi yoyambirira atabadwa. Ndikukhulupirira kuti anali bwino, ndipo kutupa manja ndi kulira kwa usiku kunayamba atapitirira miyezi 6 kapena kuyandikira chaka. Dokotala wina wa ana ku New York, Janet Watson, anaziona zimenezi mu 1948 n'kuganiza kuti chimateteza khanda ndi magazi a m'mimba. Anaganiza bwino. Mwana ali m'mimba amapanga mtundu wakewake wa hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira, wotchedwa HbF. Mtundu umenewu suundana, ndipo umalepheretsanso woundanawo kupinda maselo ngati chikwakwa. Mwana akabadwa, thupi limatseka majini a HbF pang'onopang'ono n'kutsekula jini ya hemoglobin ya akuluakulu, ndipo imeneyo ndi imene ili ndi chilema cha sickle cell. Majini a HbF aja sachoka. Ali momwemo mwa ana anu onse awiri, ngakhale mwa inu ndi ine, okhomedwa ndi loko.

Pamwambapa ndanena za mapuloteni oliza chigayo. Alipo ena a mtundu womwewo amene ntchito yawo ndi ya mlonda wotseka pakhomo. Mlonda wamkulu wa HbF amatchedwa BCL11A. Ntchito yake inadziwika mu 2008 ku Boston, ndipo mu 2018 ofufuza a ku Boston ndi a ku Sydney anasonyeza malo enieni amene amakoleka loko wake: kamawu kakuti TGACCA, mu pulomota ya majini a HbF, zilembo pafupifupi 115 jini isanayambe. Pali mabanja ena amene chilembo chimodzi cha kamawu kameneka chinasintha. Mlonda akafika ndi loko wake amapeza chokolekera chathyoka, khomo limakhala lotsekula moyo wonse, ndipo munthuyo amapangabe HbF yambiri mpaka ukalamba. Wotereyu akakhalanso ndi jini ya sickle cell, nthendayo imamupepukira kwambiri. Taonani: kudyeka kwa mtundu womwewo, kumene pa Duffy kunazimitsa jini, kuno kwaisiya yoyaka.

Sindikunena kuti mtsikana wanu ali ndi kusintha kumeneku, chifukwa n'kosowa. Kofala ndi kusintha kwina kung'onokung'ono, kumene kumangofooketsa mlondayo kapena kumasula loko pang'ono, HbF n'kukwererapo. Palinso chibadwa china chotchedwa alpha thalassaemia, chofala kuno ku Africa, chimene chimasinthanso mmene nthendayi imamugwirira munthu. Ana a mimba imodzi amafanana pafupifupi theka la zimene analandira kwa makolo, theka linalo aliyense anatola zake. Onse anatola sickle cell, koma mtsikanayo ayenera kuti anatolanso zina zomutchinjiriza zimene mchimwene wake sanatole.

Kuchimunako muwauze mwaulemu kuti mwana sadwala sickle cell pokhapokha atalandira jiniyo mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Ngati akufuna kuloza chala, aloze ziwiri, china chiloze kwawo. Ndipo palibe wochimwa. Jini imeneyi inafala m'madera a malungo chifukwa amene ali ndi imodzi yokha amatetezeka ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anasonyezera kum'mawa kwa Africa mu 1954. Inapulumutsa makolo a mbali zonse ziwiri.

Mwina munamvapo pa wailesi kuti kunja apeza mankhwala ochiritsiratu. N'zoona. Chakumapeto kwa 2023 dziko la Britain ndi la America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy. Amatenga maselo a m'mafupa a wodwala, n'kudula DNA pa malo amodzi, n'kuwabwezera. Malo amene amadulawo ndi pokolera handulo pa jini ya mlonda uja, ndipo mwini handuloyo ndi GATA1 yemwe uja wa m'kalata yoyamba. Mlonda sapangidwanso mokwanira m'maselo ofiira, khomo la HbF limatseguka. Ndinawerenga zimenezi ndili pakhonde pano ndipo ndinaimirira ndekha. Kenako ndinaona mtengo wake, madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, ndipo ndinakhalanso pansi.

Chimene chili pafupi ndi dzanja lathu ndi hydroxyurea, mankhwala akumwa amene amakweza HbF. Anayesedwa pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo anachepetsa kupweteka, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa. Ngati mnyamatayo sanayambe kumwa, kafunseni ku kiliniki imene amapita ngati ali woyenera, ndipo akayamba musadumphitse masiku oyezetsa magazi. Mankhwala oteteza ku malungo ndi ku matenda ena amene anakupatsani apitirize, onse awiri, ngakhale wooneka wathanziyo. Komanso mayi, Mzuzu ndi wozizira, ndipo kuzizira kumadzutsa nthendayi. M'mawa wa Juni ndi Julayi mnyamatayo asasambe madzi ozizira, avale juzi ndi sokosi popita kusukulu, amwe madzi ambiri ngakhale alibe ludzu. Thupi likatentha musadikire kuti kuche.

FUNSO: Akulu, ine ndimapalasa sakaramento. Ndikamwa kapu ya mkaka wa ng'ombe m'mawa, sindifika pa depoti m'mimba musanayambe kubangula. Koma chambiko ndimadya bwinobwino. Mnzanga amamwa lita yathunthu osamva kanthu. Ndili ndi zilonda za m'mimba? Wakabaza wa ku Zolozolo.

YANKHO: Achimwene, mmene mwafotokozeramu sizikumveka ngati zilonda. Mumkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo chomugaya m'matumbo ndi lactase. Khanda lililonse limapanga lactase wambiri, koma mwa anthu ambiri padziko lapansi jini yake imatsika mphamvu mwana akasiya kuyamwa. Inu ndinu wa gulu lalikululo. Shuga wosagayidwa amapitirira n'kukadyedwa ndi mabakiteriya a m'matumbo aakulu, ndipo kubangulako ndi mpweya umene iwo akutulutsa. M'chambiko mabakiteriya ena anayamba kale kumudya shugayo mkaka usanafike pakamwa panu.

Wodabwitsa ndi mnzanuyo. Mwa anthu onga iye muli chilembo chimodzi chosintha, chimene sichili n'komwe pafupi ndi jini ya lactase. Chili kutali, zilembo pafupifupi 14,000, mkati mwa jini ina yoyandikana nayo. DNA imapindika ngati chingwe, malo akutaliwo n'kudzakhudza pulomota. Apa kusinthako kunanola kadzino m'malo mokadya: puloteni yotchedwa Oct-1 imagwira molimba kuposa kale, jini n'kumalirabe mpaka ukulu. Azungu ali ndi chilembo chawo, chimene chinapezeka ku Finland mu 2002. Abusa a ng'ombe a ku Tanzania ndi Kenya ali ndi chawo chosiyana, pafupi pomwepo, chimene Sarah Tishkoff ndi anzake anafotokoza mu 2007. Anthu otalikirana, onse oweta ng'ombe, anafika pa yankho limodzi aliyense payekha.

Dyani chambiko chanu ndi nsima. Mu tiyi thirani pang'ono. Koma mukamamva kupweteka ngakhale musanamwe mkaka, mukamaonda kapena kuona magazi m'chimbudzi, imeneyo ndi nkhani ina, kayezetseni.

FUNSO: Bambo a ku labu, kutchalitchi kwathu timasala kudya masiku atatu kumayambiriro kwa chaka. Tsiku lachiwiri maso anga amachita chikasu, ndikayamba kudya amayera. Zachitika zaka zinayi. Kuchipatala anayeza chiwindi, akuti chili bwino. Mayi a kunyumba akuti ndimamwa kachasu mobisa. Ndiweruzeni. Bambo wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Bambo, za kachasu sindingaweruze ndili kuno, koma maso anuwo ali ndi kufotokoza kwina kumene mayi angakumve.

Maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo akaphwanyidwa amasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubin. Chiwindi chimaukonza utotowo kuti utuluke ndi ndulu, pogwiritsa ntchito jini yotchedwa UGT1A1. Mu pulomota ya jini imeneyi muli zilembo TA zobwerezedwa, TATATA choncho, pamene pamakhala puloteni yoyamba kufika jini ikamayamba kulizidwa. Anthu ambiri ali ndi TA 6. Ena ali ndi 7, ndipo amenewa ndi ochuluka ndithu pakati pa ife a ku Africa. Mpando ukatalika chotero, puloteniyo siikhazikika bwino. Amene analandira 7 mbali zonse ziwiri, chiwindi chawo chimakonza utotowo ndi mphamvu yongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa handulo ikukola ndithu, koma mogwedera, chigayo n'kumagaya pang'onopang'ono. Masiku wamba chimakwanitsa. Mukasala kudya, mukadwala, mukatopa kwambiri kapena madzi akachepa m'thupi, utoto umachuluka kuposa mphamvu yake n'kuonekera m'maso. Madokotala amati Gilbert syndrome, potengera dzina la dokotala wa ku France amene anaifotokoza mu 1901, ndipo za TA 7 zinadziwika mu 1995. Siiwononga chiwindi ndipo siifuna mankhwala.

Komabe ine sindinakuoneni, ndipo chikasu kuno kwathu sitichitenga mopepuka. Mukatsimikize kuti pa zimene anayezazo panali hepatitis B, malungo ndi kuchuluka kwa magazi, komanso kuti anasiyanitsa mitundu iwiri ya bilirubin, chifukwa pa Gilbert umakwera ndi umodzi wokha, wosakonzedwawo. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chikayera, thupi likamayabwa, si Gilbert ameneyo, thamangani. Owerenga amene ali pa ma ARV okhala ndi atazanavir adziwenso kuti mankhwala amenewo amaponda ntchito ya UGT1A1 yomweyi, ndipo a TA 7 ndi amene maso awo amachita chikasu kwambiri. Asasiye kumwa okha, akauze a ku kiliniki.

Ndipo mukamapita kukayezetsako, tengani mayi a kunyumba amve okha. Mupite kawiri ngati n'kotheka, tsiku lina mutadya bwino, tsiku lina muli pakati pa kusala, kuti manambala awiriwo akaikidwe pamodzi patebulo.